Mgaiwa, Dimba ndi Matenda Amene Amayi Sawatchula

Mayi akatha zaka zingapo m'banja wopanda mwana, pamudzi pamamveka zambiri, ndipo ena amathamangira kunena kuti analodzedwa. Komatu nthawi zina gwero lake ndi matenda otchedwa PCOS, amene amagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 a msinkhu wobereka. Msambo umadumphadumpha, pachibwano pamamera ndevu, ziphuphu sizitha, thupi limanenepa.

Ambiri mwa odwala matendawa thupi lawo silimvera bwino insulin, imene imayendetsa shuga m'magazi. Apa mlimi ali ndi mwayi, pakuti thandizo lina lili m'nkhokwe ndi kudimba. Mgaiwa, mosiyana ndi ufa woyera, gaga wake sanachotsedwe. Nsima ichepe, ndiwo zichuluke: nyemba, soya, kalembula, chibwabwa chotendera. Tiyi wa masupuni anayi a shuga uja, ngakhale timamukonda, ngwofunika kumusiya. Kuyenda mwandawala kapena kupalasa njinga mphindi 30 patsiku kumathandizanso. Mayi wa makilogalamu 80 akatsitsako 4 okha, msambo umatha kubwerera m'malo mwake.

Matendawa satheratu, ndipo amagwiranso oonda. Mukaona zizindikirozi, pitani limodzi ndi amuna anu ku Mwami Adventist Hospital kapena ku Chipata Central Hospital, akakupimeni ndi shuga yemwe.