Sitovu ya galasi sifuna mapoto a pambaula

Sitovu ya galasi, ija m'masitolo amati ceramic hob, ndimaikonda chifukwa sivuta kupukuta. Koma amwene, ili ndi mwambo wake.

Nkhani imayambira pa mapoto. Amene mumaphikira pambaula amakhala ndi mwaye ndi timchenga kunsi, ndiye povundula nsima amagwedezeka n'kumakanda galasi. Ine ndinapatula mapoto awiri osalala kunsi, a pasitovu pokha, ndipo pophula ndimachita kunyamula, osati kukoka. Opindika kunsi amangokudyerani mayunitsi poti sakhudza galasi mokwanira.

Mdani wamkulu ndi shuga. Tiyi kapena jamu akatayikira n'kuyamba kupserera, zimitsani, mupale nthawi yomweyo ndi kachitsulo kake kopalira galasi lisanazizire, uku mukusamala zala. Shuga akaumira pomwepo amasiya timaenje tosachoka. Zina zonsezi dikirani pazizire, mupukute ndi nsalu yofewa ndi sopo wotsukira mbale. Steel wool ndi phulusa, ayi ndithu.

Chimene chimandiopsa ine n'chakuti kufiira kukatha, galasi limakhala likadali moto. Sitovu zambiri zimaonetsa chilembo H kapena kanyale kochenjeza. Pamenepo mwana asayandikire, ndipo pulasitiki musaikepo. Magetsi akathima muli mkati mophika, chenjezolo limazima nawo. Ngati yanu ndi ya mabatani opotokola, abwezereni onse pa 0, chifukwa magetsi akabwera pakati pa usiku iyambanso kutentha inu muli mtulo.

Galasi likang'aluka musaphikirepo, ngakhale mng'alu uchepe bwanji. Msuzi ukalowa pamenepo mutha kugwidwa ndi nyesi. Zimitsani switch yake ya pakhoma, muitane wodziwa zamagetsi.