Nyali ya Mabatire Yopangira Pakhomo Magetsi Akathima

Magetsi ambiri m'dziko muno amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mabanja ambiri ku Nkhotakota, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa, anabwerera ku kandulo ndi koloboyi. Tsoka lake, lawi la nyali zoterezi silichedwa kugwira chinsalu kapena denga laudzu.

Babu la LED, longa lomwe asodzi a usipa amaunikira panyanja, lilibe lawi kapena utsi. Loyera laling'ono limafuna mavoti pafupifupi 3. Batire limodzi la tochi limapereka mavoti 1.5, choncho atatu olumikizidwa mondondozana amapereka 4.5. Mphamvu yotsalayo ikhoza kupsereza babu, n'chifukwa chake pakati pamaikidwa resistor ya ma ohm 100, yomwe amisiri okonza wailesi amakhala nayo. Mwendo wautali wa babu umalumikizidwa kumbali ya + kudzera pa resistor ndi switchi, waufupi kumbali inayo. Likapanda kuyaka, kawirikawiri miyendo imakhala yasinthanitsidwa. Kabotolo ka pulasitiki koyera kakavundikira babulo, kuwala kumamwazika mokwanira kuti mwana awerenge.

Nyaliyi isalumikizidwe konse ku mawaya a ESCOM. Mabatire akutha asatayidwe m'nyanja kapena pamoto, pakuti mankhwala ake amaipitsa madzi amene mabanja amamwa ndi kuphamo nsomba.