Lenzi yotchipa ya 50mm ikhoza kupulumutsa bizinesi ya zithunzi ku Dedza

Ojambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe m'boma la Dedza amavutika ndi kuchepa kwa kuwala kuposa anzawo a kunyanja. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri lotalika mamita 2,198, ndipo mu June ndi July nkhungu imatha kuphimba dzuwa m'mawa wonse. M'matchalitchi a mawindo ang'onoang'ono mdima umakula, makamaka magetsi akathima.

Zithunzi zikatuluka zakuda, eni ukwati amakana kumaliza malipiro ndipo mbiri ya wojambulayo imaipa dera lonse. Ambiri amathamangira kuganiza zogula kamera ina, chonsecho vuto nthawi zambiri limakhala lenzi.

Makamera ambiri a Canon ndi Nikon amabwera ndi lenzi ya 18-55mm, imene ikakokedwa kufika pa 55mm imangotseguka mpaka f/5.6. Nambala ya f ikamachepa, bowo lolowera kuwala limakula. Motero lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa ya f/5.6, komanso imaonetsa nkhope bwino, zakumbuyo n'kufufutika.

Kwa eni makamera a Canon, yodziwika ndi EF 50mm f/1.8 STM, imene idatuluka mu 2015 pamtengo wa pafupifupi $125 ku America. Yakale yake, EF 50mm f/1.8 II ya mu 1990, ndi yapulasitiki mpaka pomangira ndipo sichedwa kusweka ikagwa, koma zithunzi zake n'zosachititsa manyazi. Kampani ya ku China ya Yongnuo imapanga yofanana nayo pamtengo wotsikirapo, kungoti imachita phokoso pofokasa.

A Nikon ayenera kusamala. Lenzi ya AF 50mm f/1.8D ya mu 2002 ndi yotchipa, koma siyifokasa yokha pa makamera monga D3100, D3200 ndi D5100 chifukwa alibe mota yoyendetsera lenzi yotere. Oterewa imawayanja ndi AF-S DX 35mm f/1.8G ya mu 2009, imene idayamba kugulitsidwa pafupifupi $200.

Ina yodabwitsa ndi Helios 44-2 ya 58mm f/2, yopangidwa m'dziko lakale la Soviet Union. Ndi yachitsulo, yofokasa pamanja, ndipo imalowa pa Canon ndi adaputa ya M42. Pa Nikon, zinthu zakutali sizioneka bwino pokhapokha adaputayo ikhale ndi galasi. Imathandiza kujambula munthu amene wakhala phee, koma pa perekaniperekani, anthu akuvina, imasiya wojambula m'mbuyo.

Wogula adziwenso kuti 50mm siyikokeka. Pa makamera monga Canon 600D ndi 1300D imaonetsa ngati 80mm, choncho pojambula gulu la achibale pafunika kubwerera m'mbuyo ndithu. Lenzi ya 18-55mm isagulitsidwe, chifukwa ndiyo ya magulu. Amene thumba lawalola atha kuwonjezera EF-S 24mm f/2.8 STM ya mu 2014, yomwe idatuluka pamtengo wa pafupifupi $150.

Malenzi onsewa amachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsatira dola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 katundu wotere adakwera. Ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, m'magulu a malonda a pa Facebook, ngakhalenso kwa amalonda obwera pa basi kuchokera ku Johannesburg kudzera pachipata cha Dedza. Wooda kunja awerengeretu ndalama yotumizira ndi msonkho wa MRA asanayerekeze ndi mtengo wa kuno.

Pogula yakale, kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogula apite ndi kamera yake, amangepo lenziyo, ajambule chinthu chapafupi ndi chakutali, kenako akulitse zithunzizo n'kuona ngati zili zakuthwa. Aunikenso mkati ndi tochi ya foni: tizingwe tooneka ngati ukonde wa kangaude ndi chuku, ndipo chimatha kudya galasi. Tifumbi tochepa sitiononga chithunzi, koma ndi chifukwa chokwanira chonenerera mtengo. Ndalama isatumizidwe pafoni katundu asanaoneke.

Chuku chimakonda chinyontho, chimene ku Dedza chimachuluka m'dzinja, kuyambira December mpaka March. Lenzi isungidwe m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato, osati m'chikwama chonyowa.

Asanalipire, wojambula agawe mtengo wa lenzi ndi phindu limene amapeza pa ukwati umodzi kuti adziwe maukwati angati adzabweze ndalamayo. Popeza maukwati amachuluka mvula ikatha, nthawi yabwino yogula ndi April kapena May, nkhungu ya June isanafike.