Kusema Thabwa Lokwerera Mafunde

Omvera ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amadziwa bwato ndi nkhafi, koma ndi owerengeka amene anaonapo munthu ataimirira pa thabwa, funde la nyanja yamchere lili kumuthamangitsira kumtunda. Masewera amenewa ndi akale ndithu, ndipo thabwa lake munthu wakhama angathe kulisema yekha pakhomo pake.

Ku zilumba za Hawaii kunali matabwa a mitundu itatu. Lalitali koposa linkatchedwa olo, ndipo linali la mafumu okha. Lapakati, lopyapyala, linali alaia, pamene lalifupi lokwera chogona linali paipo. Mmisiri ankagwetsa mtengo wa koa kapena wa wiliwili, nausema ndi kasemasema wamwala, nausalaza ndi miyala ya m'nyanja, potsiriza naupaka mafuta a mtedza wa kukui. Ku Africa nakonso luso lotere linalipo, pakuti m'chaka cha 1834 mlendo wina, James Alexander, anaona anyamata a ku Accra akukwera mafunde atagonera timatabwa topepuka.

Amene anabukitsa masewerawa ndi Duke Kahanamoku wa ku Hawaii, katswiri wosambira amene anapambana pa Olimpiki ya 1912. Atafika ku Sydney kumapeto kwa 1914, anasema thabwa lake ndi mtengo wa paini wogula komweko, ndipo thabwalo likusungidwabe ku Freshwater. Koma matabwa a masiku amenewo anali olemera kwambiri. Tom Blake ndiye anapeza njira yopanga thabwa la mphako m'kati, ndipo m'chaka cha 1935 anaika chipsepse kunsi kwake kuti lisamaterereke cham'mbali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 amisiri anayamba kugwiritsa ntchito thovu louma lokutidwa ndi nsalu ya galasi. Fakitale yaikulu ya thovulo, Clark Foam ya ku California, inatsekedwa mwadzidzidzi mu Disembala 2005, ndipo amisiri ena anabwereranso ku mtengo.

Tsono munthu wokhala ku Kurasini, m'mbali mwa doko la Dar es Salaam, kumene kumadzera katundu wambiri wa ku Malawi ndi Zambia, angayambe bwanji? Choyamba ndi kusankha mtengo. Mlombwa, umene Aswahili amati mninga, ndi wokongola pa mipando ndi zitseko, koma pa ntchito iyi ulemera. Paini wouma bwino, wopanda mfundo, ndiye wosavuta kupeza. Ulinso mlongoti wa khonje, umene umaphuka pakati pa chomeracho chikakalamba. Khonje anafika m'dzikomo m'chaka cha 1893 ndi Mjeremani Richard Hindorf. Milongoti yake ikauma imapepuka kwambiri, ndipo amisiri ena amaicheka, naimata pamodzi, nasemapo thabwa.

Woyamba kumene achita bwino kutsata alaia, chifukwa safuna zida zambiri: sowo, pulena, sandipepa, guluu wosasungunuka m'madzi ndi zopanira. Thabwa lokwera choimirira likhale la mapazi 6 kapena 7 m'litali, mainchi 16 m'lifupi, ndipo kuchindikala kwake kusapitirire inchi imodzi. Lokwera chogona likwanira mapazi 4. Matabwa atatu kapena anayi awongoledwe m'mbali mpaka atakhudzana popanda mpata, kenaka amatidwe ndi kupanidwa tsiku lathunthu.

Pojambula maonekedwe ake pali nzeru yakale ya amisiri. Ajambula theka lokha pa katoni, nalidula, nalemba mbali imodzi ya mzere wapakati, kenaka alitembenuza nalemba mbali inayo. Potero mbali ziwirizo zifanana ndendende, pakuti thabwa lopendekeka limakhotera kumodzi monga bwato losemedwa mokhota. Atacheka ndi sowo, mmisiri apala kunsi kwa mphuno kuti ikwezeke pang'ono, chifukwa mphuno yowongoka imalasa m'madzi ndi kugwetsa wokwerapo. M'mphepete chakutsogolo abulungiza, koma chakumbuyo asiya mopyapyala kuti thabwa ligwire funde. Apale pang'onopang'ono, akumayesa ndi dzanja kawirikawiri, popeza mtengo wopalidwa subwereranso. Potsiriza asalaze ndi sandipepa, napake mafuta a linseed kangapo, kudikira kuti aume asanapakenso. Nsanza zonyowa ndi mafutawa aziyanike zotambasula kapena azimize m'madzi, chifukwa zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha.

Thabwa la mphako limayandama bwino koposa, koma ntchito yake ndi yaikulu. M'kati mwake mumakhala msana ndi nthiti monga mafupa a chambo, ndipo pamwamba ndi pansi amamatapo pulayiwudi yopyapyala. Pano pali chinthu chimene ambiri amaiwala. Mpweya wotsekeredwa m'kati umafufuma ukatenthedwa ndi dzuwa, ndipo ungathe kung'amba thabwa limene munthu wavutikira miyezi. Chifukwa chake pamafunika kabowo kokhala ndi chotsekera: kotsegula pamtunda, kotseka polowa m'madzi. Woiwala kutseka adzaona thabwa lake likumwa madzi ali pakati pa nyanja.

Ku Kurasini kwenikweni kulibe mafunde okwera, pakuti madzi a m'doko ndi odekha, ndiponso ndi njira ya sitima zazikulu. Wofuna kuyesa thabwa lake apite kugombe loyang'ana nyanja yaikulu, monga Coco Beach ku Msasani. Mphepo ya kumwera, imene Aswahili amati kusi, imaomba m'miyezi yomweyo imene mwera amavutitsa asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, ndipo nyanja imakalipa.

Thabwa si chopulumutsira moyo. Wosadziwa kusambira asalowe nalo m'madzi akuya, pakuti funde limodzi likhoza kumulanda. Wodziwa kusambira naye asapite yekha, ndipo ayambe wafunsa asodzi a ngalawa za miyala ya pansi ndi kumene madzi amakokera. Akagwa, aphimbe mutu ndi manja mpaka atadziwa pamene thabwa lagwera, chifukwa mtengo umene anausema yekha ungathe kumuvulaza. Akatuluka, alitsuke ndi madzi opanda mchere, aliimike pamthunzi, ndipo likayamba kumbuwa alipakenso mafuta.