Thumba la ku Sitolo

Kale munthu popita ku sitolo anali kunyamula cotengera cace. Amai anali kusenza dengu la nsungwi, abambo anali kukoleka thumba la mlaza pa njinga, ndipo mcere unali kumangidwa kumsonga kwa nsaru. Masiku ano wogula afika cimanjamanja, nayembekeza kuti mwini sitolo ampatse thumba. Cotero mwini sitolo ali yense, ngakhale wa kasitolo ka m'mudzi ku Katete, ayenera kusankha: apatse anthu thumba lotani?

Lotsika mtengo koposa ndi la pulasitiki yopyapyala. Pulasitiki ipangidwa ndi mafuta a pansi pa nthaka, ndipo siiola monga tsamba. Ciswe cimene cimaliza nsici za nyumba, pulasitiki ciilephera. Mbuzi ikamva fungo la cakudya m'thumba lotayidwa, imeza thumba lomwe. Likhala m'cifu, ndipo mbuziyo iwonda pakati pa msipu wambiri, mwina nifa. M'mizinda matumbawa atseka ngalande, madzi a mvula nasefukira m'makomboni, nasanganizika ndi zonyansa za m'zimbudzi. M'madzi otere nthenda ya kolera ifalikira msanga. M'caka ca 2018 Boma la Zambia linaika lamulo loletsa matumba a pulasitiki opyapyala osafika ma micron 30. Mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000, cigawo cimodzi ndico micron.

Kapena wina wa inu adzati, "Tsono agule a pepala, pakuti pepala liola." Zoona, liola. Koma popanga pepala agwetsa mitengo, natha madzi ambiri ndi moto wambiri, ndipo thumba lace silicedwa kubooka likakomana ndi mvula kapena matimati akupsa.

Nanga la nsaru ya thonje? Apa mpofunika kuwerengera bwino. M'caka ca 2011 bungwe la Boma losamala za cilengedwe ku England, Environment Agency, linaulutsa zimene linapeza poyesa mpweya wotenthetsa dziko umene uturuka popanga matumba a mitundu mitundu. Linapeza kuti thumba la pepala liyenera kugwira nchito katatu kuti lipose la pulasitiki lotayidwa ulendo umodzi, koma la thonje maulendo 131. Inu amene munathandizapo makolo m'munda wa thonje simudzadabwa. Mudziwa kulima, kupopera mankhwala ndi kutola. Onjezanipo makina ocotsa njere, opota ndi oomba. Werengani nokha: amai opita ku sitolo kawiri pa mlungu adzatha caka ndi miyezi itatu asanakwanitse maulendo 131. Thumba la nsaru limene liiwalika m'bokosi litayenda kasanu silinathandize dziko konse.

Mwini sitolo acenjerenso ndi matumba olembedwa kuti aola okha. Ena mwa iwo angofumbutuka kukhala tizidutswa, ndipo tizidutswato titsalabe m'nthaka ndi m'madzi.

Ine ndiganiza kuti wa sitolo yaing'ono ayambe wayang'ana zimene ali nazo kale. Saka la ufa likatha, telala wa pakhonde angathe kulidula, kulipinda m'mphepete ndi kusokerapo zogwirira. Thumba lotere linyamula katundu wolemera miyezi yambiri, ndipo palibe catsopano cinapangidwa koma ulusi wokha. Masaka a feteleza kapena a mbeu zothira mankhwala asayandikire cakudya ai. Makatoni a sopo nawo atumikira wogula zambiri. Madengu angagule kwa oluka a m'mudzi momwemo, ndalama nizitsala kwa anansi.

Matumba olimbawa asapereke caulere. Agulitse pa mtengo wocepa, pakuti munthu amene anataya ndalama pa thumba adzalikumbukira mawa pocoka pakhomo. Ndipo inu amene mutumidwa ku sitolo, muzilicapa ndi kuliyanika padzuwa, makamaka likanyamula nyama kapena nsomba yaiwisi. Parafini ndi sopo muziike pa zokha, kuti shuga asanunkhe.