Msika wa Kunja pa Intaneti Umayambira ku Munda Kwanu

Alimi anzanga, ambiri a inu mumafunsa alangizi kuti kodi zokolola zanu zikachoka pa sikelo zimapita kuti, nanga makampani amawapeza bwanji ogula a ku maiko akutali. Funsoli ndi lofunika chifukwa mtengo umene mumalandira pa msika wa kwanu umachokera kwa ogula amenewo. Mwezi uno tikufotokozerani m'mene malonda otere akuyendera masiku ano, ndipo chitsanzo chathu ndi khofi wa ku Rwanda.

Kale ndi lero

Kale kampani ikafuna kugulitsa katundu kunja inkatumiza nthumwi pa ndege kapena pa sitima ya pamadzi, kutsegula ofesi ku London kapena ku Hamburg, ndi kudikira makalata kwa miyezi. Ndalama zake zinali zambiri, kotero kuti makampani aakulu okha ndiwo ankatha. Lero kampani yaing'ono ikhoza kuonetsa katundu wake pa intaneti, wogula ndi kumuona pa foni ali kwao, kulipira pomwepo. Njira zake zazikulu ndi zitatu. Kampani ikhoza kutsegula tsamba lakelake. Ikhoza kuchita lendi malo pa misika ikuluikulu ya pa intaneti monga Alibaba ya ku China kapena Amazon ya ku America, monga m'mene munthu amalipirira benchi mu msika wa pa boma. Kapenanso ikhoza kugulitsa pa okushoni ya pa intaneti, imene ogula a maiko osiyanasiyana amapikisana mitengo popanda kukumana.

Zimene anachita a ku Rwanda

Dziko la Rwanda ndi laling'ono, lamapiri, ndipo liribe doko la panyanja, monganso Malaŵi. Khofi wake amalimidwa ndi alimi a minda ing'onoing'ono. Pa 31 October 1918 panalibe amene akanaganiza zoti khofi ameneyu angagulidwe pa foni, koma patapita zaka 100, pa 31 October 2018, Pulezidenti Paul Kagame ndi Jack Ma, amene anayambitsa Alibaba, anakhazikitsa mgwirizano mu mzinda wa Kigali. Rwanda inakhala dziko loyamba mu Africa kulowa mu ndondomeko ya kampaniyi yotchedwa eWTP, ndipo khofi wokazinga kale wa makampani a ku Rwanda anayamba kugulitsidwa pa msika wa Tmall ku China.

Mu May 2020, pamene matenda a Covid-19 anatsekereza maulendo, khofi wa Gorilla's Coffee anaonetsedwa pa kanema wa pa intaneti kwa anthu a ku China. Mapaketi 3,000 anatha mphindi imodzi isanakwane. Taonani kusiyana kwake: m'malo mogulitsa khofi wosakazinga kwa munthu wapakati, kampaniyo inagulitsa khofi wokazinga, wa m'paketi yokhala ndi dzina lake, kwa munthu womwa khofiyo.

Ntchito inayamba kale

Musaganize kuti intaneti ndiyo inakometsa khofi ameneyu. Ntchito inayamba zaka pafupifupi makumi awiri m'mbuyomo. Kale alimi a ku Rwanda ankasenda ndi kuyanika khofi aliyense pakhomo pake, ndipo ankagulidwa pa giredi yotsika. Chaka cha 2000 chitangodutsa, makopaletivi monga ya ku Maraba anamanga malo otsukira khofi. Mlimi amathyola zipatso zofiira zokhazokha ndi kuzifikitsa kumeneko tsiku lomwelo. Zimaviikidwa m'madzi, zoyandama zimachotsedwa, ndipo khofi amayanikidwa pa thandala ndi kusankhidwa ndi manja. Mu 2008 Rwanda inakhala dziko loyamba mu Africa kuchititsa mpikisano wa Cup of Excellence, umene khofi wopambana amagulitsidwa pa okushoni ya pa intaneti.

Iwonso ali ndi mdani wao. Nthawi zina njere ya khofi imanunkha ngati mbatata ya kachewere yaiwisi, ndipo vutoli limayendera limodzi ndi kachirombo kotchedwa antestia. Njere imodzi yotere imaononga kukoma kwa khofi yense amene wagayidwa nayo. Paja akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Pa intaneti mwambiwu ndi woona kwambiri, chifukwa wogula akakhumudwa amalemba dandaulo lake pansi pa chithunzi cha katunduyo, ndipo aliyense wofuna kugula amayamba wawerenga.

Kumbukiraninso kuti foni sinyamula thumba. Khofi wa ku Rwanda amayendabe pa lole mpaka ku Mombasa kapena ku Dar es Salaam, monga katundu wathu amapitira ku Beira, Nacala kapena Durban. Ulendo wotere ndi wodula, ndipo mbeu ya giredi yotsika siingaubweze.

Wogula afuna kudziwa munda

Chinthu china chatsopano ndi chakuti ogula akunja akufuna kudziwa munda weniweni umene mbeu yachokera. Mu 2023 maiko a mu European Union anakhazikitsa lamulo lokhudza khofi, soya, koko, mphira, matabwa, ng'ombe ndi mafuta a kanjedza. Lamuloli likuti katundu ameneyu asachokere pa malo amene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 December 2020, ndipo kampani yogulitsa ionetse pa mapu pamene pali munda uliwonse. Tsiku loti lamuloli liyambe kugwira ntchito lakhala likusunthidwa, koma makampani anayamba kale kulemba alimi ao. Choncho inu alimi a khofi ndi soya, mukaona munthu wa kopaletivi yanu akuzungulira malire a munda ndi foni m'manja, musaope kuti akufuna kukulandani malo. Mufunseni chikalata chomuzindikiritsa, ndipo mukakhutira muthandizeni.

Phunziro la mtedza wathu

Ife a Malaŵi tikudziwa kuwawa kwa kutaya msika. M'zaka za m'ma 1970 mtedza wathu wa Chalimbana unkapita ku Ulaya wambiri, koma pofika m'ma 1990 malondawo anali atalowa pansi. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chuku. Ku Ulaya mtedza wodyedwa ndi anthu suloledwa ngati poizoni wa chuku apitirira magawo 4 mwa magawo biliyoni imodzi. Chimenechi ndi chinthu chosaoneka ndi maso, koma makina ao amachipeza. Ngakhale kampani itajambula zithunzi zokongola bwanji, mtedza wa chuku udzabwezedwa pa doko, ndipo chaka chotsatira mtengo udzatsika kwa mlimi aliyense, wosamala ndi wosasamala yemwe.

Zoyenera kuchita

Kololani mbeu zanu zitakhwima bwino, ndipo muziumitse pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi. Musathire madzi mtedza kuti ufewe poswa, chifukwa chinyezi ndicho chimabweretsa chuku. Sankhani mbeu zofota, zosweka ndi zoola, ndipo musasakanize magiredi m'thumba limodzi. Sungani matumba pa mitengo kapena pa matabwa m'nyumba yosadontha. Lembani m'kope tsiku lobzala, mtundu wa mbeu, mankhwala amene mwapopera ndi tsiku lokolola, chifukwa wogula adzafunsa zimenezi. Gulitsani kudzera m'kalabu kapena kopaletivi, pakuti wogula wakunja amafuna katundu wodzaza lole ndipo wofanana kuyambira thumba loyamba mpaka lomaliza.

Ngati pali chimene simunamvetse, funsani mlangizi wa m'dera lanu nyengo yokolola isanafike.