Sitima Yobereka Sitima Inzake

Mayi akafuna kubereka mwana amene wayamba kale kulemera, sachita kumukweza m'mwamba ndi manja ayi. Amanjuta pansi, mwana n'kukwera kumsana, iye n'kumanga mbereko, kenaka n'kudzuka pang'onopang'ono, ulendo n'kuyambika. Tonsefe tinakulira pamsana potere. Koma ndi ochepa pakati pathu amene amadziwa kuti pa nyanja zikuluzikulu za mchere pali sitima zimene zimachita chimodzimodzi: zimanjuta m'madzi, n'kubereka sitima zinzake, n'kuwoloka nazo kuchokera mbali ina ya dziko lapansi kupita mbali ina. Nkhani yathu lero ndi ya sitima zoterezi, makamaka pamene katundu wake ali sitima zowolotsa anthu zimene eni ake atopa nazo.

M'chaka cha 2009, anthu okhala kufupi ndi mzinda wa Vancouver, m'dziko la Canada, anaona zodabwitsa. Sitima yaikulu ya kampani ya Dockwise ya ku Netherlands inafika m'madzi odikha a kumeneko, niyamba kumira pang'onopang'ono mpaka msana wake wonse unabisika, kungotsala mutu ndi nsanja zakumbuyo. Munthu wosadziwa akadaliza mfuu poyesa kuti kwagwa ngozi. Koma timasitima tokoka tinabwera ndi sitima ina yotalika mamita 122, n'kuiimika pamwamba penipeni pa msana womirawo. Patapita maola angapo sitima yomira ija inadzuka, mnzake uja ali phee pamsana, madzi akuchucha m'mbali.

Sitima yoberekedwayo inali imodzi mwa zitatu zotchedwa PacifiCat. Boma la chigawo cha British Columbia linazimanga pakati pa 1998 ndi 2000 kuti ziziwolotsa anthu ndi magalimoto mofulumira pakati pa Horseshoe Bay ndi Nanaimo. Iliyonse inakonzedwa kuti izinyamula anthu 1,000 ndi magalimoto 250. Poyamba kunanenedwa kuti ntchitoyo idya madola a ku Canada okwana 210 miliyoni, koma pomaliza inadya pafupifupi 460 miliyoni. Zitayamba kuyenda, mavuto anaoneka msanga: zinkamwa mafuta ambiri, mafunde amene zinkautsa ankawononga za m'mphepete mwa nyanja, ndipo mitengo yoyandama inkalowa m'makina ake. Yachitatu sinagwire n'komwe ntchito imene anaimangira. Mu 2003 zonse zitatu zinagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wosafika madola 20 miliyoni, ndipo mu 2009 zinagulidwanso ndi kampani ya ku Abu Dhabi. Apa mpamene panafunika mbereko.

Wowerenga wina afunsa kuti: nanga sitima ili ndi injini zake, bwanji osangoiliza n'kunyamuka yokha? Yankho lake n'lakuti sitima iliyonse imamangidwa molingana ndi madzi amene idzayendemo. Sitima yowolotsa anthu imayenda ulendo wa ola limodzi kapena awiri, usiku n'kugona padoko. Matanki ake a mafuta ndi aang'ono, ilibe malo okwanira ogona antchito kwa masabata ambiri, ndipo thupi lake silinakonzedwe kuti lilimbane ndi mafunde a pakati pa nyanja ya Pacific kapena ya India. Kuikoka ndi chingwe n'kotheka, koma ulendo wotere umachedwa, ndipo chingwe chikaduka pakati pa mkuntho sitimayo imatha kutayika. A inshuwalansi nawonso salola mosavuta kuti sitima ipite kumene malamulo ake sailoleza. Tsono njira yabwino ndi kuitulutsa m'madzi n'kuinyamula ngati katundu wina aliyense.

Ntchito yake imayamba sitima yonyamulayo isanafike. Akatswiri amatenga mapepala osonyeza mamangidwe a sitima yoti inyamulidwe, n'kuwerengera kulemera kwake ndi malo amene thupi lake lili lolimba. Akatero amayala mitsamiro ya matabwa ndi zitsulo pamsana wa sitima yonyamula, iliyonse pamalo pake, monga mmene mayi amasanjira mafuwa kuti mphika ukhale bwino. Amaimikanso mizati yotalika yoti izioneka pamwamba pa madzi, kuti izilondolera katundu pamene msana wamira. Tsiku lokweza limasankhidwa mosamala, pamalo akuya koma opanda mafunde ndi mphepo. Madzi a m'nyanja amalowetsedwa m'matanki ambirimbiri a m'mimba mwa sitimayo, ndipo imatsika mpaka pamsana pake patakhala madzi akuya mokwanira. Zazikulu kwambiri zimatha kumiza msana kupitirira mamita 10.

Katundu akaimikidwa pakati pa mizati ija, akatswiri omira m'madzi amatsika kukaona ngati wakhala molunjika mitsamiro. Akavomereza, madzi a m'matanki amayamba kupopedwa, ndipo sitima imakwera. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene msana ukungotuluka kumene m'madzi, chifukwa pamenepo sitima imakhala yosakhazikika, ndipo thanki imodzi ikapopedwa mosayenera zonse ziwiri zikhoza kupendekera. N'chifukwa chake ntchitoyi imatenga maola ambiri. Pomaliza amisiri amawotcherera zitsulo zogwira katunduyo kumbali zonse kuti asasunthe m'mafunde. Zitsulo zimenezi ndiyo mbereko. Ulendo ukatha, amadula zitsulozo, sitima imanjutanso, mwana n'kutsika.

Palibe matsenga apa. Ndi lamulo lomwe lija Archimedes wa ku Syracuse anafotokoza zaka zoposa 2,200 zapitazo, lakuti chinthu chikakhala m'madzi chimakankhidwira m'mwamba ndi mphamvu yolingana ndi kulemera kwa madzi amene chawasuntha. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, malita 1,000 ndi tani imodzi. Motero sitima ikapopa matani 2,000 a madzi m'matanki ake, yapeza malo onyamulira matani 2,000 a katundu. Aphunzitsi anzanga amene mumadandaula za kusowa kwa zipangizo za sayansi, phunziro limeneli silifuna zambiri. Tengani beseni la madzi ndi chigubu chapulasitiki. Thirani madzi m'chigubumo mpaka chitsike, ikani kamtengo koyandama pamwamba pake, kenaka tulutsani madziwo ndi kapaipi. Ana adzaona ndi maso awo kamtengo kaja kakukwezedwa, ndipo sadzaiwalanso.

Sitima zamtunduwu zanyamula katundu wodziwika pa dziko lonse. Mu 2000, sitima yankhondo ya ku America yotchedwa USS Cole itaphulitsidwa padoko la Aden ku Yemen, inaberekedwa ndi Blue Marlin mpaka ku Pascagoula m'chigawo cha Mississippi. Mu 2013 kunatuluka ina yoposa pamenepa, imene tsopano imatchedwa BOKA Vanguard, yotalika mamita 275, yotambasuka mamita 70, ndipo imatha kusenza matani oposa 100,000. Komabe nazonso zimagwa m'ngozi. Mighty Servant 2 inagubuduzika kufupi ndi chilumba cha Singkep ku Indonesia mu 1999, anthu asanu n'kufa. Mighty Servant 3 inanjuta kufupi ndi Luanda ku Angola mu Disembala 2006 kuti itsitse katundu, koma m'malo modzuka inapitirira kumira mpaka pansi. Mwamwayi antchito onse anapulumuka, ndipo sitimayo inavuulidwa chaka chotsatira.

Tsono tibwere ku funso limene lili lalikulu kuposa luso la amisiri: kodi sitima zopumitsidwazi zimapita kuti, nanga zimakachita chiyani? Zina zimathera ku Alang ku India, ku Chattogram ku Bangladesh, kapena ku Aliağa ku Turkey, kumene zimaphwasulidwa kuti zitsulo zake zisungunulidwe. Koma zambiri zimapeza ogula m'mayiko osauka, kumene ndalama zomangira sitima yatsopano kulibe. Ife a kuno malonda otere timawadziwa bwino. Timavala kaunjika, timakwera magalimoto amene anayamba atumikira ku Japan, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Kusiyana kwake n'kwakuti malaya a kaunjika akakuthina umangowavula, pamene sitima yosayenera madzi ake imapita ndi miyoyo.

Anansi athu a ku Tanzania anaziona. Ku America, m'chigawo cha Washington, kunali sitima ziwiri zazing'ono zonyamula anthu okhaokha, Skagit ndi Kalama, zomangidwa mu 1989. Zinkayenda pakati pa Seattle ndi chilumba cha Vashon, m'madzi a Puget Sound amene ndi otchingidwa ndi mtunda. Zinapumitsidwa mu 2009, ndipo mu 2011 zinagulitsidwa zonse ziwiri pa madola a ku America 400,000, n'kukathera pa njira ya pakati pa Dar es Salaam ndi Zanzibar. Pa 18 Julayi 2012, nyengo imene mphepo yakumwera imawomba mwamphamvu kumeneko, Skagit inagubuduzika kufupi ndi chilumba cha Chumbe. Anthu oposa 140 anafa kapena kusowa. Chaka chinali chisanathe chichitikire ngozi ina yoopsa kuposa imeneyi: pa 10 Seputembala 2011, Spice Islander I, yomangidwa ku Greece mu 1967, inamira pakati pa Unguja ndi Pemba. Inali yololedwa kunyamula anthu osafika 700, koma bungwe lofufuza linapeza kuti munali anthu oposa 2,000, ndipo oposa 1,500 anafa kapena kusowa.

Tisafulumire kunena kuti mlandu ndi wa ukalamba wa sitima basi, kapena wa iwo amene anagulitsa. Mbereko imanyamula zitsulo, injini ndi mipando. Sinyamula madzi odikha a kumene sitimayo inachokera, sinyamula amisiri amene ankaidziwa, sinyamulanso woyang'anira padoko amene ankawerenga okwera ndi kutseka chipata chiwerengero chikakwana. Zonsezi wogula ayenera kukhala nazo kwawo. Ngati alibe, ndiye kuti wagula theka la sitima.

Nanga ife a ku Malawi nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komabe pali kusiyana kumodzi kofunika. Sitima yobereka singafike pa nyanja yathu, chifukwa nyanjayi ili pamtunda wa mamita oposa 450 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo mtsinje wa Shire uli ndi mathithi pakati pa Matope ndi Chikwawa. Sitima zathu zakale zinabwera zili zidutswazidutswa. Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, inakwera Zambezi ndi Shire mu 1875, inamasulidwa pamathithi, ndipo mazanamazana a makolo athu anaisenza pamitu mtunda wa mamailosi pafupifupi 60. Inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala chaka chomwecho. Chauncy Maples inachoka ku Glasgow ili m'mitolo yoposa 3,000, niyamba kuyandama mu 1901. Ilala imene tikuidziwa inamangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, zidutswa zake zinadzera ku Beira ndi pa njanji mpaka ku Chipoka, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Kuno mbereko inali mitu ya anthu ndi mabogi a sitima yapamtunda.

Mbiri ya nyanja yathu imatiphunzitsanso kuti zaka za sitima si zimene zimaweruza zonse. Vipya inali yatsopano pamene inagubuduzika m'mkuntho kufupi ndi Chilumba pa 30 Julayi 1946, anthu 145 n'kutsikira nayo pansi. Ilala, kumbali ina, yatumikira anthu a ku Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay ndi madoko ena kwa zaka zoposa 70. Koma palibe chitsulo chosatha. Tsiku lidzafika loti ipume, ndipo amene adzafune kuilowetsa m'malo adzayenera kusankha pakati pa kumanga yatsopano ndi kugula yakale yotsika mtengo, kuidula, n'kudzailumikiza kuno. Tsiku limenelo mafunso oyenera kufunsa adzakhala awa: inamangidwira madzi otani? Ingapirire mwera wa mu Juni ndi Julayi? Zipangizo zoikonzera zikupezekabe? Ndani adzaiyeze chaka ndi chaka, ndipo akadzati isanyamuke, mawu ake adzamveka?

Kwa inu achinyamata amene mwangomaliza sukulu, mwaona kuti m'nkhani yonseyi ntchito yaikulu yagwiridwa ndi anthu odziwa masamu, owotcherera zitsulo, okonza injini, omira m'madzi ndi oyendetsa sitima. Popeza sitima iliyonse yaikulu ya pa nyanja yathu iyenera kulumikizidwa m'mphepete mwa nyanja yomweyo, dziko lino lidzawafuna anthu otere nthawi zonse, ndipo ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa ntchito za pamadzi. Ena a inu simudzagwira sipanala, koma mudzakhala alembi ogulitsa matikiti, apolisi a padoko, kapena akuluakulu osayina mapepala ogulira sitima. Ambiri mudzangokhala okwera. Mulimonse mmene zidzakhalire, mukadzaona bwato kapena sitima itadzaza mpaka madzi akunyambita m'mphepete, kumbukirani Archimedes ndi anthu a ku Pemba aja, ndipo musadzachite manyazi kutsala padoko kudikira ulendo wina.